Wothandizira wa AI akalephera kufufuza mu Elasticsearch, kapena akamayankha zolakwika: momwe mungapezere pamene pavuta

Kuyambira pamene kampani ya Anthropic inatulutsa Model Context Protocol mu Novembala 2024, njira imene anthu amangoitchula kuti MCP, zakhala zotheka kulumikiza wothandizira wa AI monga Claude Desktop ku nkhokwe ya deta ya Elasticsearch, kuti munthu azifunsa mafunso m'chilankhulo chake cha tsiku ndi tsiku m'malo molemba query, kutanthauza funso lolembedwa m'kalembedwe ka makompyuta kotchedwa JSON. Ntchitoyi ikayenda bwino imakoma kwambiri, chifukwa mkulu wa ofesi amene sanaphunzirepo za makompyuta amatha kufunsa kuti katundu wakutiwakuti wagulitsidwa wochuluka bwanji mwezi wathawu, n'kulandira yankho lake pompopompo. Koma anthu ambiri amene amandipempha thandizo pa nkhaniyi amabwera ndi dandaulo limodzi, lakuti AI sikugwira ntchito, ndipo nthawi zambiri ndikafufuza ndimapeza kuti AI ilibe mlandu, koma vuto lili pamalo ena pa njira imene funso limadutsa.

Njirayo ili ndi mfundo zinayi zomangana. Munthu amalemba funso mu pulogalamu ya AI; pulogalamuyo imaitana seva yaing'ono ya MCP, imene nthawi zambiri imayenda pa kompyuta yomweyo; seva ya MCP imatumiza query ku Elasticsearch kudzera pa doko 9200; ndipo Elasticsearch imafufuza mu index, mulu wa zikalata zosungidwa pamodzi, n'kubweza zotsatira, zimene AI imazimasulira kukhala chiganizo chomveka. Pamene chingwe chaduka pamfundo zitatu zoyambirira, mumaona uthenga wa cholakwika ndipo mumadziwa kuti pali vuto. Pamene vuto lili pamfundo yomaliza simuona uthenga uliwonse, mumangolandira yankho lolembedwa mwaulemu koma labodza, ndipo mtundu umenewu ndi umene ndiukhalirepo nthawi yaitali m'nkhani ino chifukwa ndi umene umawononga ntchito za anthu.

Zida sizikuoneka mu pulogalamu ya AI

Ngati mwatsegula Claude Desktop ndipo zida monga list_indices, get_mappings ndi search sizikuoneka, ndiye kuti seva ya MCP sinadzuke n'komwe, ndipo palibe chifukwa chokhudzira Elasticsearch pakadali pano. Yambani ndi fayilo ya claude_desktop_config.json, imene pa Mac imakhala mu foda ya ~/Library/Application Support/Claude, pamene pa Windows imakhala mu %APPDATA%\Claude. Fayiloyi ndi ya JSON, ndipo JSON sikhululuka ngakhale kachilembo kamodzi. Chizindikiro cha comma (,) chotsalira kumapeto kwa mndandanda chimaononga fayilo yonse. Zizindikiro zogwira mawu zopindika, zimene zimalowa mukakopera malangizo kuchokera mu Word kapena mu uthenga wa pafoni, zimaoneka ngati zabwinobwino m'maso koma makina amazikana. Pa Windows, kamzere kopendekera kumbuyo ka m'dzina la foda kamayenera kulembedwa kawiri. Mukakonza fayiloyo, tsekani pulogalamu yonse kwathunthu musanaitsegulenso, chifukwa kungotseka zenera kumaisiya ikuyendabe kuseri ndi malangizo akale aja.

Zikakanikabe, werengani log, imene pa Mac imapezeka mu ~/Library/Logs/Claude ndipo seva iliyonse ili ndi fayilo yake. Mukaona mawu akuti ENOENT pafupi ndi npx kapena docker, malamulo oyambitsira seva ya MCP, tanthauzo lake n'lakuti pulogalamu ya AI sikupeza lamulo limenelo, ngakhale kuti inuyo mukalilemba mu terminal limayenda bwinobwino. Chifukwa chake n'chakuti mapulogalamu otsegulidwa podina chizindikiro pa Mac satenga PATH (mndandanda wa mafoda ofufuzamo malamulo) imene munakhazikitsa mu terminal yanu. Lembani which docker kapena which npx mu terminal, ndipo njira yonse imene yatuluka muiike mu fayilo ija m'malo mwa dzina lalifupi. Amene akugwiritsa ntchito Docker, pulogalamu yoyendetsa seva m'kabokosi kakekake kotchedwa container, aonetsetsenso kuti Docker yomweyo yayatsidwa, komanso kuti pa malamulo ake pali -i, chifukwa popanda iyeyo container imatseka khomo lolowera mauthenga ndipo seva imafa itangodzuka. Pali chinthu chinanso chimene chimazunguza mitu ya amene analemba okha seva yawo ya MCP: pa njira ya stdio, chilichonse chimene seva yalemba ku stdout chimatengedwa ngati uthenga wa JSON-RPC, kotero kuti print mmodzi yekha wongofuna kuona ngati pulogalamu ikuyenda amasokoneza kukambirana konse. Mauthenga otere aziponyedwa ku stderr.

Zida zikuoneka koma sizikufika ku Elasticsearch

Apa ndikulangizani kuti muiike kaye pambali AI ndipo muyese Elasticsearch payokha ndi curl, lamulo la mu terminal lotumizira uthenga ku seva, kuchokera pa kompyuta imene seva ya MCP ikuyendapo. Ikakhala kuti ili moyo ndipo kiyi wanu (API key, chizindikiro chachinsinsi cholowera) ndi wolondola, imabweza JSON yaifupi yokhala ndi dzina la cluster, nambala ya mtundu wake ndi mawu akuti "You Know, for Search". Ngati curl yalephera, AI singapambane, ndipo kupitiriza kusintha mafunso kapena kuyambitsanso pulogalamu n'kutaya nthawi chabe.

Kuyambira mtundu wa 8.0, umene unatuluka mu 2022, Elasticsearch imayamba ndi chitetezo choyatsidwa kale, kutanthauza kuti imafuna https ndiponso imafuna kuti wolowa adzidziwikitse. Malangizo ambiri akale amene ali pa intaneti amalembabe http://localhost:9200, ndipo amene wawatsatira amalandira yankho lopanda kanthu, pamene mu log ya Elasticsearch mumalembedwa kuti yalandira uthenga wa http pa njira ya https. Mukasintha n'kulemba https mumakumana ndi vuto lachiwiri, lakuti satifiketi imene Elasticsearch inadzipangira yokha poikidwa sidziwika kwa kompyuta yanu. Njira yoyenera ndi kutenga fayilo ya http_ca.crt, imene ili mu foda ya certs pakati pa mafayilo a config, n'kuuza seva ya MCP kuti iikhulupirire. Pali njira yachidule yozimitsa kufufuza satifiketi, ndipo ndikudziwa kuti ambiri amaithamangira. Ingathandize kwa mphindi zochepa pofuna kutsimikiza kuti vuto lilidi pa satifiketi, koma siyenera kusiyidwa choncho pa deta ya anthu imene ikudutsa pa netiweki ya ofesi.

Amene seva yawo ya MCP ili mu Docker akumbukire kuti mkati mwa container, mawu akuti localhost amatanthauza container yomweyo, osati kompyuta yawo. Pa Mac ndi pa Windows dzina loyenera ndi host.docker.internal, ndipo pa Linux dzinali limafuna kuti muonjezere --add-host=host.docker.internal:host-gateway pa malamulo a Docker. Musadabwe mukaona kuti mutakonza zimenezi satifiketi yakanidwanso, chifukwa satifiketi yodzipangira ija inalembedwa maina a localhost ndi a kompyuta yanu, koma dzina la host.docker.internal mulibe, choncho muyenera kugwiritsa ntchito dzina kapena adiresi imene ilimo, apo ayi mupange satifiketi ina. Onetsetsaninso kuti ES_URL (adiresi ya Elasticsearch) ndi ES_API_KEY (kiyi wanu) zatchulidwa ndi -e pa malamulo a Docker, popeza kuzilemba mu gawo la env kokha kumazifikitsa kwa Docker koma osati mkati mwa container.

Za kiyi ndi zilolezo ndinena mwachidule, chifukwa nambala ya cholakwika imakuuzani kale kopita. Nambala 401 imatanthauza kuti Elasticsearch sikukudziwani, ndipo kawirikawiri munthu amakhala kuti wakopera gawo lolakwika: popanga kiyi pamatuluka id, api_key ndi encoded, ndipo chofunika ndi encoded. Nambala 403 imatanthauza kuti yakudziwani koma simunaloledwe kuchita chimene mwapempha. Kiyi wokhala ndi chilolezo cha read chokha amatha kufufuza, koma amalephera kuona mapping ya index, kutanthauza mndandanda wa ma field (magawo a chikalata) ndi mitundu yake, popanda view_index_metadata, ndipo amalephera kutulutsa mndandanda wa ma index popanda monitor. Zotsatira zake n'zakuti AI, itakanizidwa kuona maina enieni a ma field, imayamba kuwalota, ndipo apa ndi pamene vuto looneka limasanduka vuto lobisika.

Yankho labwera, koma si loona

Nthawi ina ndinathandiza kagulu kena ka alimi kulumikiza wothandizira wa AI ku nkhokwe ya malipoti amene alangizi awo amalemba akabwerako kumidzi. Titamaliza, mkulu wa ofesi anafunsa kuti ndi malipoti angati amene akunena za matenda a ng'ombe m'boma la Mchinji, ndipo AI inayankha mosakayika kuti palibe lipoti ngakhale limodzi. Mayi wina mlangizi amene anakhala pakona akumwa tiyi anaika kapu pansi n'kunena kuti, "Bambo, malipoti amenewo ndinalemba ndine ndi manja angawa, asakunamizeni makinawo." Akanakhala kuti mayiwo sanali m'chipindamo tsiku limenelo, yankho lija likanalowa mu lipoti la kumapeto kwa mwezi, ndipo nkhani imeneyi imandivutitsabe mumtima ndikaganiza za maofesi amene mulibe munthu wotsutsa makina.

Chinthu choyamba kuchita yankho likakayikitsa ndi kutsegula pamene pulogalamu ya AI imaonetsa zimene yatumiza ku chida cha search, n'kukopera query yeniyeniyo, kenako kuiyendetsa nokha mu Dev Tools ya Kibana, pulogalamu yoonera ndi kufufuzira deta ya mu Elasticsearch. Musafunse AI kuti ifotokoze chimene chalakwika musanaone query ndi maso anu, chifukwa imatha kupereka chifukwa chomveka bwino chimene sichikugwirizana ndi zimene zachitikadi. Tsiku lija query inaonetsa zolakwika ziwiri, ndipo zonse ziwirizi ndakumana nazo kambirimbiri kuchokera nthawi imeneyo.

Cholakwika choyamba chinali kusiyana kwa text ndi keyword. Field ya mtundu wa text imadulidwadulidwa mawu ake n'kusandutsidwa zilembo zing'onozing'ono isanasungidwe, kotero kuti Mchinji amasungidwa ngati mchinji. Query ya mtundu wa term siisintha mawu amene yapatsidwa, imafuna ofanana ndendende, choncho ikafufuza Mchinji wa chilembo chachikulu mu field ya text sipeza kanthu, ndipo Elasticsearch sidandaula chifukwa kwa iyo kusapeza kanthu ndi yankho lovomerezeka. Ngati munasiya Elasticsearch kuti idzipangire yokha mapping, mawu alionse amakhala ndi mbali ziwiri, field ya text ndi inzake ya dzina lomwelo lotsatiridwa ndi .keyword, ndipo query ya term imayenera kupita ku boma.keyword osati ku boma. Mbali ya keyword nayo ili ndi msampha wake, chifukwa kumeneko Mchinji, MCHINJI ndi mchinji ndi maboma atatu osiyana, ndiponso mawu opitirira zilembo 256 sasungidwako n'komwe. Pa field ngati ya boma, imene ili ndi maina owerengeka odziwika kale, ndi bwino kuika normalizer yosandutsa zilembo zonse kukhala zing'onozing'ono, komanso kukonza fomu yolowetsera deta kuti anthu azisankha boma pa mndandanda m'malo molilemba pamanja.

Cholakwika chachiwiri chinali pa liwu loti ng'ombe, ndipo chimenechi ndi chathuchathu ife olemba Chichewa. Analyzer ya standard, imene Elasticsearch imagwiritsa ntchito podula ndi kukonza mawu mukapanda kusankha ina, imasunga apostrofi wa pakati pa liwu ngati mbali ya liwulo. Vuto n'lakuti apostrofi alipo amitundu iwiri, woongoka amene amatuluka pa kiyibodi ya kompyuta ndi wopindika amene Word ndi mafoni ena amaika okha, ndipo kwa makina awiriwa ndi zilembo zosiyana. Mayi aja ankalemba malipoti awo mu Word, pamene AI inafufuza ndi apostrofi woongoka, ndiye mawu awiri ooneka ofanana sanakumane. Alangizi ena ankangolemba ngombe popanda apostrofi aliyense. Chilembo cha ŵ chimachitanso chimodzimodzi, moti Malaŵi ndi Malawi sapezana. Filter ya asciifolding imathetsa mbali yaikulu ya vutoli, chifukwa imasandutsa ŵ kukhala w ndiponso apostrofi wopindika kukhala woongoka. Kwa amene salemba apostrofi, mungaonjezere char_filter yochotsa apostrofi yense posunga komanso pofufuza, ngakhale muyenera kudziwa kuti mukatero m'mudzi amasanduka mmudzi ndipo sadzapezekabe ndi munthu wofufuza mudzi.

Apa tafika pa nkhani yaikulu kuposa zonse, yakuti Elasticsearch ili ndi ma analyzer okonzedwa kale a zilankhulo monga Chingerezi, Chifalansa, Chipwitikizi ndi Chiarabu, koma ya Chichewa palibe. M'Chingerezi analyzer imadula mchira wa liwu n'kusiya tsinde, koma Chichewa chimasintha kwambiri kumutu kwa liwu: anadwala, zikudwala, idzadwala, odwala ndi kudwala onse amachokera pa tsinde limodzi, koma kwa analyzer ya standard ndi mawu asanu osadziwana. Magulu a maina nawonso amasintha kumutu, moti mlimi ndi alimi, munda ndi minda, chitsime ndi zitsime sapezana. Anthu ena amayesa kuthetsa zimenezi ndi fuzziness, koma fuzziness ya AUTO imalola kusintha chilembo chimodzi pa mawu a zilembo 3 mpaka 5, ndi zilembo ziwiri pa mawu otalikirapo. Zimenezi zimakwanira pa kusiyana kwa l ndi r, monga Chiradzulu ndi Chiladzulu, koma sizifika pa anadwala ndi zikudwala, ndipo pa mawu afupiafupi zimabweretsa zinyalala, chifukwa mawu ngati munda amayandikana kwambiri ndi mawu ena ambiri osakhudzana nawo.

Chimene ndaona kuti chimagwira ntchito ndi kuphatikiza njira zitatu, ndipo palibe imodzi mwa izo imene imakwanira payokha. Pa mawu amene ntchito yanu imazungulirapo, monga maina a mbewu, a ziweto, a matenda ndi a mankhwala, lembani mndandanda wa synonym ndi manja anu, mothandizidwa ndi anthu amene amalemba malipotiwo, chifukwa ndi iwo amene amadziwa kuti wina amalemba chimanga, wina maize, ndipo wina feteleza pamene mnzake amalemba fetereza kapena fertilizer. Pa maverebu, onjezani field yachiwiri yogwiritsa ntchito ngram, imene imadula liwu m'tizidutswa kuti tsinde ngati dwala lipezeke paliponse mkati mwa liwu. Index imakula ndithu, choncho chitani zimenezi pa field ya nkhani yokha osati pa zonse. Chachitatu, uzani AI m'malangizo ake kuti malipoti alembedwa m'Chichewa chosakanikirana ndi Chingerezi, ndi kuti ikafufuza dzina iziyesa limodzi ndi lochulukitsa lake m'zilankhulo zonse ziwiri. Popanda malangizo otere, wothandizira amatha kutenga funso lanu la m'Chichewa n'kulimasulira m'Chingerezi asanafufuze, ndiye kukafunafuna cattle disease m'malipoti amene analembedwa matenda a ng'ombe. Amene akuganiza zothawira ku kufufuza kwa semantic, kotsata tanthauzo osati kufanana kwa zilembo, adziwe kuti ELSER, model ya Elastic ya ntchito imeneyi, inapangidwira Chingerezi, ndipo model iliyonse ya zilankhulo zambiri iyenera kuyesedwa kaye pa malipoti anu enieni isanakhulupiridwe.

Pofuna kuona mmene liwu likusungidwira, gwiritsani ntchito _analyze: mumaipatsa dzina la index, field ndi chiganizo, ndipo imakuonetsani tizidutswa timene tasungidwa. Ndi chida chimene chimathetsa mikangano yambiri m'mphindi imodzi. Kumbukiraninso kuti analyzer ya field imene ili kale ndi deta singasinthidwe pomwepo. Mumapanga index yatsopano yokhala ndi mapping yokonzedwa, kusamutsira deta ndi _reindex, kenako kuloza alias, dzina lapadera loimira index, ku index yatsopanoyo. Ngati AI inazolowera kufufuza pa alias kuyambira pachiyambi, kusamukaku sikusokoneza chilichonse.

Vuto limathanso kutembenuka, zotsatira n'kuchuluka mopitirira muyeso m'malo mosowa. Query ya match ikapatsidwa mawu angapo imabweza chikalata chilichonse chokhala ndi liwu limodzi lokha mwa mawuwo, ndipo popeza analyzer ya standard sichotsa timawu tolumikizira, kufufuza mbewu ya chimanga kumagwira lipoti lililonse lokhala ndi kaliwu koti ya, kutanthauza pafupifupi malipoti onse. Pongowerenga zotsatira zoyambirira simuona vuto, chifukwa zogwirizana kwambiri zimabwera pamwamba, koma funso likakhala lakuti ndi angati, chiwerengero chimatuluka chotupa. Uzani AI kuti pa mafunso owerengera izigwiritsa ntchito operator ya and kapena match_phrase, ndipo mu analyzer yanu muike mndandanda wa timawu ngati ya, wa, cha, za, la, ndi, ku, pa ndi mu kuti tizichotsedwa.

Ziwerengero ndi masiku

Elasticsearch imabweza zikalata 10 zokha ngati simunanene chiwerengero china, ndipo ndaonapo wothandizira akuwerenga khumi zomwezo n'kulengeza kuti ndizo zonse zimene zilipo. Chiwerengero cha zonse zopezeka chimalembedwa padera mu hits.total, koma nachonso chimaima pa 10,000 pokhapokha track_total_hits itaikidwa kukhala true. Mukaona 10,000 ndendende ndi mawu akuti gte pambali pake, dziwani kuti zenizeni n'zoposa pamenepo. Aggregation ya terms, imene imawerenga zikalata m'magulumagulu, nayo imabweza magulu 10 oyambirira okha, choncho funso lofuna chiwerengero cha boma lililonse mwa maboma 28 a dziko la Malawi limatuluka ndi maboma khumi, ena onse atakwiriridwa mu sum_other_doc_count, imene AI kawirikawiri siitchula. Lamulo loyenera kulembedwa m'malangizo a wothandizira ndi lakuti kuwerenga ndi kuphatikiza kuzichitidwa ndi Elasticsearch kudzera mu aggregation, osati ndi AI poyang'ana zikalata zimene yalandira, ndiponso kuti size ya terms izikhala yokwanira magulu onse. Ndalama zolembedwa ngati K12,500 zimasungidwa ngati mawu osati nambala, ndipo sizingaphatikizidwe mpaka zitatsukidwa n'kusungidwa mu field ya nambala.

Masiku amasokoneza m'njira ziwiri. Elasticsearch ikamadzipangira mapping imazindikira deti loyamba ndi chaka, monga 2025-04-03, koma deti lolembedwa mmene timalembera kuno, 03/04/2025, imalitenga ngati mawu wamba, ndipo query ya range pa field yotere imapereka zotsatira zopanda tanthauzo popanda kudandaula. Njira yachiwiri ndi ya nthawi: Elasticsearch imasunga nthawi yonse mu UTC, nthawi yoyendera dziko lonse lapansi, pamene Malawi ndi Zambia zili patsogolo ndi maola awiri. Chinthu cholembedwa ku Lilongwe 1 koloko usiku wa pa 1 Epulo chimasungidwa ngati cha 11 koloko usiku wa pa 31 Malichi, ndiye lipoti la mwezi limasiyana pang'ono ndi la wowerengera ndalama, ndipo anthu amayamba kukayikirana popanda wolakwa. Mankhwala ake ndi kuika time_zone ya +02:00 kapena Africa/Blantyre mu range ndi mu date_histogram. Koma fufuzani kaye mmene deta inalowera, chifukwa ngati nthawi ya kuno inatumizidwa popanda chizindikiro cha dera, Elasticsearch inaitenga kale ngati UTC, ndipo kuonjezera time_zone kungasunthe zinthu zimene zinali pamalo pake. Pa mawu ngati mwezi watha, ndi bwino AI izigwiritsa ntchito now-1M/M m'malo molota yokha kuti lero ndi liti.

Zonsezi zimachepa kwambiri AI ikapatsidwa tanthauzo la ma field. Dzina ngati dt2 kapena amt silimuuza kanthu munthu watsopano, ndipo AI ndi munthu watsopano pa kukambirana kulikonse. Mu mapping muli malo otchedwa _meta amene mungalembemo mafotokozedwe a index yonse, kapena mungawalembe m'malangizo a wothandizira: field iti ndi ya tsiku loyendera mudzi ndipo iti ndi ya tsiku lolowetsa lipoti, ndalama zili m'makwacha kapena m'madola, maina a maboma amalembedwa motani. Ngati index yanu ili ndi ma field mazanamazana, pangani ina yaing'ono yokhala ndi ofunika okha, chifukwa mapping yaikulu imadzaza malo amene AI imakumbukiramo zinthu ndipo imayamba kuiwala chiyambi cha funso.

Dzulo zimayenda, lero deta yatsopano sikupezeka

Kuchedwa kwa sekondi imodzi kapena kuposerapo pang'ono n'kwachibadwa, chifukwa chikalata chatsopano chimaoneka pokhapokha index itachita refresh. Koma ngati malipoti a masiku angapo sakuoneka, yang'anani disiki. Ikadzaza kufika pa 95 peresenti, Elasticsearch imatseka ma index kuti asalandirenso zolembedwa, koma kufufuza kumapitirira ngati palibe chachitika, motero AI imayankhabe mosangalala ndi deta ya sabata yatha. Magetsi akathima mwadzidzidzi, onaninso _cluster/health: mtundu wofiira umatanthauza kuti shard ina yaikulu, kutanthauza chigawo cha index, sikupezeka, ndipo kufufuza kungabweze mbali chabe ya zotsatira. Ndi chifukwa chake ndimaika m'malangizo kuti wothandizira azitchula tsiku la chikalata chatsopano kwambiri pa yankho lililonse lokhudza ziwerengero.

Pomaliza pa zolumikiza, musathetse vuto la 403 popatsa seva ya MCP pasiwedi ya elastic, wogwiritsa ntchito amene ali ndi mphamvu zonse. Zimene AI imawerenga mu index zinalembedwa ndi anthu osiyanasiyana, ndipo chikalata chingathe kukhala ndi mawu olembedwa dala ngati malangizo, amene wothandizira angawatsatire poganiza kuti achokera kwa inu. Pangani kiyi wa read, view_index_metadata ndi monitor pa ma index ofunika okha, muike tsiku lothera mphamvu chifukwa kiyi wa Elasticsearch satha yekha mukapanda kutero, ndipo manambala a foni ndi maina a alimi muwasiye kunja kwa index imene AI imaiona, popeza zonse zimene search yabweza zimatumizidwa ku model, imene kawirikawiri imayenda pa makompyuta a kunja kwa ofesi yanu.

Mukakonza zonsezi, khalani pansi ndi munthu wodziwa deta yanu bwino, ngati mayi mlangizi aja, mulembe mafunso khumi kapena khumi ndi asanu amene mayankho ake mukuwadziwa kale: ena a mawu okhala ndi apostrofi, ena ofuna chiwerengero cha maboma onse, ena okhudza tsiku loyamba ndi lomaliza la mwezi, ndi limodzi limene yankho lake loona ndi lakuti palibe. Mafunso amenewa muziwafunsanso nthawi iliyonse mukasintha mapping, mukaonjezera synonym, mukakweza mtundu wa Elasticsearch kapena model ya AI ikasinthidwa, ndipo pa funso lililonse limene yankho lasiyana ndi la papepala, tsegulani query imene yatumizidwa n'kuiyendetsa mu Dev Tools musanakhudze china chilichonse.